Ndinapenta nyumba ndisanafunse eni dothi

Chakumapeto kwa 2023 ndinaganiza zogulitsa nyumba imene ndinamangira malemu amayi anga ku Chileka, chakufupi ndi ku Ngumbe. Ndinaimanga ndi thukuta langa ndili ku Joni: njerwa zootcha, zipinda zogona zitatu, malata, magetsi a ESCOM. Amayi atatisiya inangokhala chitsekere, ine ndili kwawo kwa akazi anga ku Lirangwe, komwe ndimagulitsa zipangizo za njinga pamsika. Mwana wathu woyamba anali atapeza malo kukoleji, fizi ikufunika, ndiye ndinati nyumba yogonamo mileme ndiisungirenji.

Malo a ku Chileka akufunidwa masiku ano. Anthu otopa ndi lendi ku Ndirande, ku Chirimba ndi ku Machinjiri akutsikira kumeneko, kuyambira pa Kameza mpaka kupitirira bwalo la ndege. Chichitikireni zimene namondwe wa Freddy anachita ku Chilobwe ndi ku Soche mu Malichi 2023, ambiri safunanso kumanga m'mphepete mwa phiri. Ndinkadziwa kuti wogula apezeka. Vuto linali mtengo, ndipo apa m'pamene ndinamvera munthu wosayenera kumumvera.

Dobadoba wina, wa aja amayenda ndi zithunzi za nyumba m'foni, anabwera kudzaiona. Anangoizungulira kunja n'kunena kuti, "Bwana, nyumba imagulitsidwa ndi nkhope. Pakani penti, ikani matailosi pakhonde, ndiiponye pa Facebook, mtengo ukwera wokha." Ndalama ndinalibe. Ndinauza mayi a kunyumba kuti atenge ngongole kubanki mkhonde m'dzina lawo. Anadodoma, koma anatenga. Ndinagula penti wa mafuta, wabuluu, ndi makatoni a matailosi. Ntchito ili mkati, mu Novembala, kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti. Thumba la simenti linakwera mtengo, mmisiri naye anakweza wake, matailosi anathera pakati pa khonde. Theka linalo tinangolisiya ndi simenti yakale.

Wogula woyamba wa ndalama zake anali mphunzitsi wamkazi wongopuma kumene pantchito. Sanabwere yekha, anatengana ndi mmisiri wake, mdala wina wosayankhulayankhula. Penti wanga mdalayo sanamuyang'ane n'komwe. Anapempha mpando, anakwerapo, n'kubaya phaso limodzi ndi sikuludilaiva. Inalowa ngati mumbatata yophika, fumbi la chiswe likugwera paphewa pake. Atatsika anatseka chitseko ndi mawindo a chipinda cha amayi, n'kutiuza tiyang'ane kumwamba: kuwala kunkalowa pa timabowo ta misomali paliponse. Kenako anapita kuseri, kumene madzi a padenga amagwera, anakanda penti ndi chikhadabo munsi mwa khoma. Penti anasendeka, pansi pake pali chinyontho ndi mng'alu umene ndinauphimba dala. Manyazi amene ndinachita tsiku limenelo sindinawaonepo.

Mayiwo sanakwiye. Anangofunsa kuti, "Bambo, nyumbayi mwati ndi yanu, nanga malowa anali a ndani?" Ndinati a amayi anga. "Alongo anu alipo? Amalume anu akudziwa?" Ndinayamba kuchita chibwibwi. Anatsanzika mwaulemu, osabweranso.

Ine ndinabadwira m'mudzi momwemo, ndipo mwambo wa chikamwini ndimaudziwa bwino. Kwathu dothi limayenda ndi ana aakazi. Mwana wamwamuna amakakwatira kwina, monga ndinachitira ine ku Lirangwe, ndipo malo a amayi amatsala m'manja mwa alongo ake, mwini mbumba akuyang'anira. Koma zaka za ku Joni zinandiiwalitsa. Ndinkawerengera malata ndi matumba a simenti amene ndinatumizira ndalama, n'kumati chilichonse chimene chili pamenepo ndi changa. Anzanga ambiri amene tinali nawo kumeneko amaganiza chimodzimodzi mpaka lero, ndipo ena akumangabe.

Achemwali anga anamva nkhaniyi kumjigo, osati kwa ine. Anandiimbira foni akulira. "Achimwene, mukugulitsa pamene ana anga adzamange, osandiuza? Manda a amayi sanaume n'komwe." Amalume anatiitanitsa tonse. Anandisiya ndiyankhule mpaka mawu anandithera, kenako anati, "Mphwanga, safunsa anadya phula. Nyumba ndi yako, palibe akukana. Inyamule upite nayo ku Lirangwe, dothilo utisiyire." Anthu anaseka, ine ndinazyolika.

Zokambirana zinatenga nthawi, dzinja lonse linadutsa. Pomaliza tinagwirizana kudula malowo. Mbali imene pali nyumba ndi kabwalo kake igulitsidwe, munda wa kumunsi ndi mitengo ya mango zitsale kwa achemwali, ndipo pa ndalama yogulitsayo iwo alandire gawo la dothi. Tinapita kwa anyakwawa, iwo anatitengera kwa agulupu. Anabwera ndi nduna zawo, anaitana oyandikana nawo malo mbali zonse, tinayenda m'malire phazi ndi phazi, tikudzala khonje m'makona. Pamenepo panatulukanso nkhani ina, yakuti chimbudzi chathu chinalowa pang'ono m'malo a eni ake. Akanaitulukira wogula atalipira kale, bwenzi uli mlandu. Lamulo la malo a makolo la 2016 linakhazikitsa makomiti a malo otsogozedwa ndi agulupu komanso njira yolembetsera malo otere, ndipo ogula ophunzira amafunsa zimenezi. Ife tinalibe pepala lililonse kupatula kalata imene inalembedwa tsiku limenelo, yokhala ndi chidindo cha amfumu ndi masaini a amalume, achemwali ndi mboni.

Kukonza kwenikweni kwa nyumba kunadya ndalama yochepa kuposa penti uja, ndipo izi zimandiwawa ndikaziganiza. Mapaso odyedwa ndi chiswe tinawachotsa n'kuika a bulugama, tinawapaka oilo wakuda amene ndinapempha kugalaja. Malata sitinagule atsopano, kupatula awiri amene anali atachita dzimbiri kwambiri. Enawo tinangosintha misomali ndi kumata mabowo ndi phula. Mng'alu uja mmisiri anaugwaza bwinobwino, anaikamo waya n'kumata. Kuseri tinakumba ngalande yoti madzi a padenga asamaime patsinde pa khoma, ntchito ya khasu basi. Chimbudzi tinakumba china, mkati mwa malire athu, tinachiika chitseko chotsekeka. Zipinda zamkati zimene penti sanafikeko tinazipaka laimu, ine ndi mwana wanga, ndi burashi ya khonje. Tinalambula bwalo, tinakwirira dzenje la zinyalala, ndinasonkhanitsa malisiti a magetsi kuti wogula aone kuti mita ilibe ngongole.

Za madzi ndinaphunzira kunena zoona. Mapaipi akuluakulu a Blantyre Water Board ochokera ku Walker's Ferry pa Shire amadutsa ku Chileka kupita m'tauni, koma pakhomo pathu mpopi panalibe. Dobadoba ankafuna tizinena kuti madzi ali pafupi kulumikizidwa. Ndinamuthokoza n'kusiyana naye. Aliyense wobwera ndinkamuyendetsa mpaka kumjigo kuti aone yekha mtunda wake.

Anagula ndi bambo wina woyendetsa minibasi, amene anamva kwa mnzake wa kutchalitchi. Anabwera ndi akazi awo, anakwera pampando kuyang'ana denga, anawerenga kalata ya amfumu, anapita kukacheza ndi amalume. Atafika pakhonde anayang'ana matailosi anga atheka aja n'kunena kuti adzawachotsa chifukwa amaterera mvula ikagwa. Mtengo unali wotsika poyerekeza ndi umene dobadoba anandilonjeza. Titachotsa gawo la achemwali ndi kangachepe ka amfumu, fizi ya chaka choyamba inakwana, koma ngongole ya kubanki mkhonde inali itaswana, ndipo akazi anga anagulitsa mbuzi zawo kuti aitseke. Achemwali tikuyankhulana tsopano, ngakhale sizinabwerere mwakale.

Inu amene muli ku Joni kapena ku Cape Town ndipo mukutumiza ndalama zomangira pamalo a amayi anu, imbirani amalume ndi alongo anu maziko asanakumbidwe, mugwirizane kuti nyumbayo idzakhala ya ndani, ndipo zilembedwe pamaso pa amfumu.