Nkhalamba ndi Chikwapu Chake

Anzanga ena akuti Indiana Jones and the Dial of Destiny, kanema wa 2023, ngwachabechabe chifukwa Harrison Ford wakalamba. Ine ndikuti ukalambawo ndiwo mchere wa kanemayu.

Chimene chidandinyansa n'chiyambi chake. Kwa mphindi ngati 20 atibweza ku 1944, nkhope ya Ford ataisalaza ndi kompyuta kuti aoneke wachinyamata. Koma akangoyasamula, mawu ngamunthu wa zaka pafupifupi 80: nyumba yozira bwino kunja, m'kati chiswe chitatha mitengo. Mu Raiders of the Lost Ark ya 1981, Steven Spielberg adatipatsa munthu wa thukuta, chimwala chili pambuyo, ife mtima uli m'mwamba. Apa mtima wanga sudagunde n'komwe.

Nkhani ikafika mu 1969 m'pamene James Mangold, amene adalowa m'malo mwa Spielberg, apeza chonena. Jones ali yekhayekha ku New York. Mwana wake adafera ku nkhondo, banja ndi Marion likupasuka, ophunzira akuodzera iye akuphunzitsa (pepani aphunzitsi athu, matendawa ngakalekale). Munthu ameneyu ndidamukhulupirira.

Tsono pothera pake afika ku Syracuse wa masiku a Archimedes, dziko limene wakhala akulifukula moyo wake wonse, napempha kuti amusiye komweko. Helena angomutibula chibakera, adzatsitsimukira kwawo. Pamenepo ndidadandaula. Mkuluyu adasankha yekha pogona pake, koma eni kanema adachita mantha kumulola.