Fodya wako ndi amene ali pamphuno

Papita masiku ndisanalembe chifukwa ndinali kalikiliki kuchonga mayeso a ana. Lero ndati ndikambeko za kugula katundu pa foni, poti mwezi wathawu zinandikhudza ine mwini.

Amsinkhu wanga akukumbukira kumene tachokera. TNM inayamba mu 1995, Celtel inabwera mu 1999, koma kwa zaka zingapo foni ya m'manja inali ya mabwana. Enafe tinkaimba pa byuro, maso ali pa wotchi. Titagula zathu, ntchito inali kuflasha basi. Celtel ija inasanduka Zain mu 2008, kenako Airtel mu 2010. Koma chimene chinasinthadi moyo wa kumudzi ndi kutumiza ndalama pa foni. Ku Kenya anayamba ndi M-Pesa mu 2007, kuno Airtel Money inafika mu 2012 ndipo Mpamba mu 2013.

Lero pa Nkhamenya pano simuyenda mtunda osaona kakanyumba ka ejenti. Msika wa fodya ukatsegulidwa ku Chinkhoma, mizere imatalika: alimi kutapa ndalama, kugula mafoni, machaja ndi masola.

Kugula pa intaneti nako kunafika, koma m'njira yathuyathu. Ku Nigeria kuli Jumia, imene inayamba mu 2012, yoti munthu amasankha katundu pa foni n'kumubweretsera. Kuno nyumba zathu zilibe manambala. Adiresi yanga ndi "mukatsika pa siteji mufunse kwa aphunzitsi". Choncho sitolo yathu ndi WhatsApp ndi Facebook, ndipo positi ofesi yathu ndi kondakitala wa minibasi ya pa M1.

Mwana wanga wamkazi anasankhidwa kupita ku koleji, ndipo kumeneko popanda foni yabwino notsi zimakudutsa. Ndinaona ina yooneka bwino pa gulu lina la malonda, wogulitsa ali ku Lilongwe. Mtengo wake unali pafupifupi theka la malipiro anga a mwezi, ndipo iye amafuna ndalama kaye. Mtima unagunda. Paja chaka chatha ndinatumizapo ndalama ya nsapato kwa munthu wina, ndalama itangolowa nambala yake inasiya kupezeka mpaka lero. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Nanga wa pa chithunzi ndiye ngwa ndani?

Ndinapitabe kwa ejenti kuti ndikaike ndalamayo. Ejentiyo ndi mnyamata amene ndinamuphunzitsa ine, ndipo MSCE sanakhoze. Atamva nkhani yanga anati, "Aphunzitsi, musatumize kaye. Ndipatseni nambala ya munthuyo."

Anaimbira mnzake wa ku Lilongwe, amene anapita kukakumana ndi wogulitsa uja. Anayatsa foniyo, kuikamo simu, kuyesa kamera ndi batire, kenako n'kutiimbira kuti ili bwino. Apo m'pamene tinatumiza ndalama. Mnzakeyo anaikulunga, kulemba dzina langa, kuipereka kwa kondakitala wodziwana naye, n'kutitumizira chithunzi cha nambala ya minibasi. Dzuwa likulowa, foni inali m'manja mwanga. Anyamata awiriwo ndinangowapatsa ya fanta.

Usiku umenewo tulo tinavuta. Mnyamata uyu pa lipoti yake ndinkangolemba kuti "alimbikire", ndipo kunena zoona mumtima ndinali nditamutaya. Lero amasunga buku la ndalama losaphonya, amakonza mafoni, amalandirira anthu katundu, ndipo agogo osadziwa kuwerenga amamudalira kuti awawerengere uthenga wa ndalama yochokera kwa ana awo ku Joni. Kwenikweni chimene amagulitsa iye ndi kukhulupirika, chimene sitiyesa pa mayeso alionse.

Sindikunena kuti ana asiye sukulu n'kukatsegula tizinyumba ta Mpamba, ayi. Masamu amene akugwiritsa ntchito anawaphunzira m'kalasi momwemo. Koma ife aphunzitsi tisamafulumire kuweruza mwana ndi mapointi okha.

Ndipo inu ogula pa foni, musatumize ndalama munthu amene mumamudziwa asanaukhudze katunduyo ndi manja. Nambala yanu yachinsinsi musauze aliyense, ngakhale wodzitchula kuti akuimba kuchokera ku kampani.

Mwana uja ananyamuka Lolemba, ndipo waimba kale kuti anafika bwino.