Madzi Saiwala Khwawa



Loweruka lapitali tinatsikira ku kamtsinje kena kochokera m'mapiri a kuno kwathu, kamodzi mwa timitsinje tothira madzi mu mtsinje wa Mwanza. Ambiri a ife tinakulira m'mphepete mwake. M'menemo ndimo tinkasambira pochokera ku sukulu, tikugwira nkhanu pansi pa miyala ndi kukokola matemba ndi zitenje za amayi athu. Lero maiwe onse adakwiririka ndi mchenga, ndipo ikafika Okutobala amayi amachita kufukula mumchengamo kuti apeze madzi a ndowa imodzi.

Tinapitako ndi maganizo amene tinkawayesa anzeru: tisonkhe ndalama, tigule ana a nsomba kwa alimi a maiwe, tiwathire mu mtsinjemo. Agogo ena amene ankamwetsa mbuzi zawo anatimvetsera mpaka tinamaliza, kenaka anati: "Adzukulu anga, mlendo saitanidwa nyumba ilibe denga. Nsomba zanuzo zikagona pati?" Tinasowa choyankha.

Funso la agogowo latiphunzitsa kuti mtsinje umayamba kudwala kumtunda. Mitengo ya m'phiri imachititsa kuti mvula ilowe pansi ndi kumatuluka pang'onopang'ono mu akasupe chaka chonse. Ikadulidwa, madzi amathamanga tsiku limodzi atanyamula dothi, ndipo chilimwe chimapeza khwawa louma. Mitengo ya m'mbali mwa mtsinje nayo ili ndi ntchito yake: mizu imagwira gombe, mthunzi umaziziritsa madzi, ndipo madzi ozizira ndiwo amasunga mpweya wambiri umene nsomba zimapuma. Tizilombo togwa m'masamba ndiye chakudya chake. Matope akakuta miyala, mazira a nsomba amafa asanaswe.

M'maiko ena anthu amakonza mitsinje ya m'mapiri pofuna kubwezeretsa nsomba zotchedwa trout. Kuno nsomba zimenezi n'zobwera: adadza nazo ndi azungu m'nthawi ya atsamunda n'kuziika m'madzi ozizira a ku Zomba, Mulanje ndi Nyika. Yathuyathu yofanana nayo khalidwe ndi mpasa, imene imachoka m'nyanja ya Malawi n'kukwera mitsinje kukaikira mazira pa timiyala toyera. M'mitsinje yambiri mpasa idachepa kwambiri chifukwa cha matope ndi kuphedwa isanaswane. Umodzi mwa mitsinje imene ikadali pothawira pake ndi Bua, umene umadutsa m'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota, yomwe bungwe la African Parks lidayamba kuyang'anira m'chaka cha 2015. Kumene nkhalango yaima, nsomba nayo yaima. Matemba ndi milamba ya m'kamtsinje kathu siitchuka ngati mpasa, koma lamulo lake ndi lomwelo.

Chovuta kunena n'chakuti amene adavula mapiriwa si alendo. Matumba a makala oimikidwa m'mbali mwa msewu wochoka ku Mwanza kupita ku Zalewa, amene amakaphikira anthu ku Blantyre, ena ndi ochokera m'makomo mwathu, ndipo ndalama yake ndi imene idatigulira makope ndi yunifolomu. Madimba ofika m'milomo ya mtsinje ndi a makolo athu. Sitingawaloze chala ife amene tidadya nawo. Komanso sitingaiwale kuti dothi lochoka kuno limatsikira kwa abale athu a ku Chikwawa, kumene mtsinje wa Mwanza umakathira mu Shire. Tidaona zimene namondwe Ana adachita mu Januwale 2022, pamene adaononga damu la magetsi la Kapichira, ndi miyoyo mazanamazana imene Freddy adatenga mu Malichi 2023. Mvula yamphamvu sitingailetse, koma phiri lopanda mitengo limaitaya yonse nthawi imodzi. M'kalata yawo ya Laudato Si' ya 2015, Papa Fransisko adatikumbutsa kuti chilengedwe chikaonongeka, oyamba kuvutika ndi osauka. Kuno kwathu zimenezi sizifuna womasulira.

Choncho ndalama ya nsomba ija taisintha ntchito. Tigula machubu ndi kukhazikitsa nazale ya mbawa, katope, mkuyu ndi nsungwi, kuti mbande zikhale zokonzeka pa nyengo yodzala mitengo, imene m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala kufikira pa 15 Epulo. Tipita mwaulemu kwa amfumu ndi eni madimba kukapempha kuti m'mbali zonse ziwiri mutsale kamzere kosalimidwa, ndipo amene adzataye mizere ya ndiwo tidzawathandize kudzala manachesi chakumtunda, pakuti chipatso chimenechi ndicho chidatchukitsa Mwanza. Mokumbika tidzadzala udzu wa vetiva. Zitsa zimene zikuphukira tidzazitengulira ndi kuzilambulira, kuti moto wolusa usazipsereze. Ndipo ife eni tiyambe kuleka kupha nsomba ndi katupe kapena ndi maneti a udzudzu, amene amakokolola ndi tiana tomwe.

Mbawa sikula chaka chimodzi. Mwina ena a ife tidzakhala titakwatira kapena kusamukira kutali mthunzi usanafike pamadzi. Koma akuluakulu adati madzi saiwala khwawa. Ife tingokonza khwawalo. Loweruka likudzali tikumane pa bwalo la tchalitchi 7 koloko m'mawa, aliyense ndi khasu lake. Agogo aja alonjeza kudzationetsa pamene padali dziwe lalikulu.

Ambuye akudalitseni nonse.