Kuwerenga Sinowo wa M'mapiri a Alps

Ndimatsogolera anthu oyenda pa ski m'mapiri a Graubünden, kum'mawa kwa Switzerland, kutali ndi njira zosalazidwa ndi makina. Chimene chimapha anthu kumeneko ndi chigumukire cha sinowo, ndipo kawirikawiri wochiyambitsa amakhala mwini wake wophedwayo kapena mnzake wa paulendo.

Ulendo umayamba dzulo lake. Nthawi ya 5 koloko madzulo, bungwe la SLF la ku Davos limatulutsa chenjezo la chigumukire, n'kulikonzanso 8 koloko m'mawa. Mlingo wake, umene mayiko a ku Ulaya anagwirizana mu 1993, umachokera pa 1 kulekeza pa 5. Ine ndimaopa kwambiri 3, chifukwa phiri limaoneka labwinobwino, anthu amalimba mtima, ndipo ambiri amafera pamenepo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chenjezolo limanena za chigawo chonse, koma mtsetse umene ndaimapo ndiyenera kuuwerenga ndekha. Choyamba ndimayeza kutsetsereka kwake: pakati pa madigiri 30 ndi 45 ndi pamene sinowo amakonda kugumuka. Kenako ndimaona komwe mphepo inachokera usiku, poti imakokolola sinowo mbali imodzi ya chitunda n'kukamuunjika kuseri, kumene amauma n'kukhala chibenthu cholemera.

Ndikakayika, ndimakumba dzenje. Khoma lake limaonetsa mizere, mzere uliwonse tsiku lake limene kunagwa sinowo. Ndimatosa ndi chibakera, kenako zala zinayi, kenako chala chimodzi, kufunafuna pamene pali pofewa. Ndikapeza timibulu tosagwirana, tongoyoyoka m'manja, ndimadziwa kuti zapamwamba zonsezo zakhala pa maziko opanda mphamvu. Ndimadula chipilala cha masentimita 30 mbali zonse, n'kuika fosholo pamwamba pake. Ndimamenya kakhumi pogwedeza dzanja lokha, kakhumi kuchokera m'chigongono, kakhumi kuchokera m'phewa. Chipilala chikathyoka msanga n'kutsetsereka mosalala, mtsetse umenewo sitiupondanso.

Nthawi zina phiri limalankhula lokha. Mukuyenda, pansi pamangoti vuu, n'kutitimira pang'ono, ming'alu n'kuthamanga kuchokera kunsonga kwa ski. Apo palibenso chokambirana.

Aliyense wa ife amanyamula fosholo, ndodo yofufuzira, ndi kachipangizo kotumiza chizindikiro pa 457 kHz. Wokwiririka akafukulidwa mphindi 15 zisanathe, nthawi zambiri amapulumuka. Zikapitirira, mpweya umamuthera. Helikopita simafika msanga chotero, choncho omupulumutsa ndi anzake omwe ali pompo. N'chifukwa chake pamalo okayikitsa timadutsa mmodzimmodzi, ena akuyang'anira ali pabwino.

Chovuta pa ntchitoyi si kukumba ayi, koma kuuza munthu amene walipira ndalama zake, nsonga ya phiri akuiona apo, kuti tibwerere. Ena amanyinyirika njira yonse. Ndimawamvetsa, koma sindisintha mawu. Anandilemba ntchito kuti ndiwafikitse kwawo ali moyo, ndipo udindo umenewo sindiusinthanitsa ndi chisangalalo cha tsiku limodzi.