Mphika wa Mafupa ku Kingsland Road

Lolani tikusimbireni za chakudya chimene tinadya tsiku lina madzulo m'nyumba ya anthu a ku Vietnam, pakuti kufikira lero mtima wathu sunaleke kuchikumbukira.

M'chaka cha 2019, mwezi wa Novembala, tinanka ku London kukaona mlongo wathu, amene asamala odwala m'chipatala china kumeneko. Tinapeza nyumba yofunda, yosasowa kanthu. Koma chinthu chimodzi chinatidetsa nkhawa. Tinakhala masiku asanu ndi limodzi osaona anthu a m'banjamo atakhala pamodzi ndi kudya. Mai achoka madzulo kunka ku nchito ya usiku, bambo alawira mbandakucha, ndimo mwana wao, mnyamata wa zaka 15, atsegula firiji pamene njala yamgwira, natenga mbale yache, nakadyera kuchipinda, maso ali pa foni. Ife ndife malume wache, ndimo mudziwa nonse kuti kwathu mwana wa mlongo akasokera, mlandu ufika kwa malume. Tinayesa kucheza naye, koma mau athu anangogwa pansi.

Tsiku lachisanu ndi chiwiri mlongo wathu anapuma ku nchito, nati, "Achimwene, lero sindiphika, tiyeni mukalawe za eni dziko lina." Tinakwera basi atatu, ife, iye ndi mnyamatayo, kufikira ku Kingsland Road, m'dera la Hackney. Pa mseu umenewo nyumba zodyeramo za anthu a ku Vietnam zandandalika zambiri, kotero kuti anthu anautcha Pho Mile, potengera phở, chakudya chao chomveka.

Tiulule pano kuti tinalowa monyinyirika. Pakhomo pomwe tinalandiridwa ndi fungo longa la usipa umene mvula yaupeza pa thandala, ndimo tinati mumtima, kodi anthu adya zotere? Pambuyo pache tinamva kuti ndi nước mắm, madzi a nsomba. Atenga tinsomba tating'ono ta m'nyanja ya mchere, natithira mchere wambiri, natisunga m'migolo ya matabwa ngati chaka chathunthu. Madzi ofiirira amene atuluka ndiwo mchere wao wa pa ndiwo, ndimo omveka koposa achokera ku chisumbu cha Phú Quốc. Chimene mphuno inakana, lilime linachivomera msanga.

Nyumbayo inali yaing'ono, magome khumi okha, ndimo onse ogwira nchito anali a banja limodzi. Agogo aakazi anali kumphika. Mwana wao wamwamuna anali kudula nyama. Mpongozi wao anali kulandira ndalama. Ndimo mdzukulu, mtsikana wa msinkhu wa mnyamata wathu, anali kuperekera mbale, mabuku ache a sukulu ali chitsegulire pa gome la pangodya. Asanalembe zimene tifuna, mtsikanayo anatifunsa mwaulemu zaka zathu. Tinadabwa; koma anatimasulira kuti m'chinenero chao munthu aitanidwa ndi dzina la chibale, angakhale mlendo. Mwamuna wamng'ono kwa atate ako umuti chú, wamkulu kwa iwo umuti bác. Popeza ife tinaposa atate ache, tinakhala bác, ndiko kunena atate aakulu, usiku wonsewo.

Phở anabwera m'mabakuli akuya. Pansi pali tizingwe toyera ta ufa wa mpunga, pamwamba nyama ya ng'ombe yodula mopyapyala ngati tsamba, imene aiika yaiwisi, nipsa ndi kutentha kwa msuzi umene athirapo. Pambali anaika ndimu, tsabola, masamba onunkhira ndi nyemba zongophuka kumene. Koma mwini nkhani ndiye msuziwo. Atate a mtsikanayo anatifotokozera kuti ayamba awiritsa mafupa a ng'ombe kanthawi, nataya madzi oyambawo, natsuka mafupa. Ndipo pamenepo awabwezera pa moto wofatsa, pamodzi ndi anyezi ndi jinja zowamba pa moto, sinamoni, ndi kambeu kena konunkhira kooneka ngati nyenyezi. Mphika sufunika kubwadamuka ai, ungotokota pang'onopang'ono maora ambiri, munthu ali kuyengula thovu, kufikira msuzi uyera mbee. Chakudya chimenechi chinayamba kumpoto kwa dziko lao, ku Nam Định ndi ku Hà Nội, zaka zoyamba za m'ma 1900. Chinafala kumwera m'chaka cha 1954, pamene dziko linagawika pawiri ndi anthu ambirimbiri a kumpoto anasamukira kumeneko. A kumwera ndiwo anaonjezera masamba ndi nyemba zija.

Tsono kwa ife msuzi ndi ndiwo chabe, ndimo mimba inali kufunsabe kuti nsima iri kuti. Tinapempha mpunga. Timitengo tiwiri timene iwo adyera tinatikanika m'zala, ndimo potopa nato tinangotizika chiriri pakati pa mpungawo. Pomwepo agogo aja anatuluka kumphika, nazula timitengoto osanena kanthu, natigoneka pa mlomo wa mbale. Mdzukulu anati, "Bác, pepani, timitengo tikaima chotero tifanana ndi lubani amene tifukiza pokumbukira akufa." Manyazi anatigwira, ndimo tinapepesa ndi manja awiri. Agogo anaseka, nakoka mpando, nakhala nafe. Ndimo mdzukulu ali kumasulira, anatisimbira za ulendo wao.

Kwao ndi ku Hải Phòng, mzinda wa padoko kumpoto. Amuna ao anali a mtundu wa Achina, ngakhale anabadwira ku Vietnam. Pamene China ndi Vietnam anathirana nkhondo m'malire m'mwezi wa Febuluwale 1979, anthu otere anasanduka alendo m'dziko lobadwira, ndimo banjali linakwera ngalawa ya matabwa kunka ku Hong Kong. Chaka chimenecho chokha anthu oposa 68,000 anafika kumeneko pa ngalawa, ndimo ena ambiri nyanja inawameza. Mwana wao woyamba, wakhanda, anafera m'ngalawamo. Alibe manda oti mai akasesepo. Apo tinazindikira kulemera kwa timitengo tathu tija.

Chaka chomwecho boma la Britain linavomera kulandira othawa 10,000 a m'misasa ya ku Hong Kong, koma linawamwaza timagulu timagulu m'midzi yotalikirana. Banjali linagwera ku tauni kumene kunalibe wina womva chinenero chao, ngakhale botolo limodzi la madzi a nsomba. Monga anzao ambiri, anatsata abale ku London, nasoka zovala m'mafakitale a ku Hackney. Ndimo nchito yosoka itatha, anatsala ndi chimene nyanja sinathe kuwalanda, ndicho kaphikidwe ka mai wao kamene agogo anasunga m'mutu.

Tinachedwa pa khofi, amene adontha dontho limodzi limodzi kuchokera m'kasefa kachitsulo kugwera pa mkaka wotsekemera wa m'chitini. Nthawi ya 10 itakwana, alendo ena atachoka, anatseka chitseko, nalumikiza magome awiri, naikapo mpunga, nsomba ndi masamba. Onse anakhala pansi, otopa, manja otupa ndi madzi otentha. Koma panalibe wogwira mbale. Mtsikana uja anayamba kulankhula, kuyang'ana agogo, kenaka atate, kenaka amai. Mnyamata wathu anaika foni pansi, natifunsa m'Chichewa chache chopunduka, "Amalume, akuti chiani?" Tinafunsa, ndimo anatiuza kuti ndi mwambo wa mời: wamng'ono sadya asanaitane akulu onse ku chakudya, mmodzi mmodzi, kuyambira wamkulu koposa. Agogo anaonjezera kuti, "Nyumba tinasiya, munda tinasiya, manda a makolo tinasiya, gome ili lokha sitisiya."

Pobwerera m'basi tonse atatu tinali chete. Akulu anati chibale ndi fupa, sichiola, ndimo nzoona. Koma usiku umenewo tinaona kuti fupa longosungidwa silidyetsa munthu: lifuna moto, madzi, ndi wina wolilindirira, tsiku ndi tsiku, kuti lipereke zimene liri nazo.

Lamulungu lotsatira panapezeka ora limodzi, cha m'ma 4 madzulo, pamene onse a m'nyumba anali pakhomo. Mlongo wathu anavundula nsima, mlamu wathu anazima wailesi ya kanema, ndimo ife tinaonetsa mnyamatayo kagwiridwe ka beseni ndi jagi. Anasambitsa m'manja ife poyamba, kenaka atate ache, kenaka amai ache, madzi ena natayikira pa kapeti. Mlongo wathu atilembera kuti ora limenelo alisungabe, ngakhale masabata ena nchito iwalanda.

Tsalani bwino, abale. Madzulo ano, nsima ikaphulidwa, muwerenge amene akhala nanu pa mphasa, ndimo amene asowa mutume mwana akamuitane.