Kumene mphepo ya mwera imayendetsa mpikisano

Mwezi wa Julaye anthu a ku Tsangano ndi ku Furancungo amaudziwa ndi chisanu. Mbatatesi ili m'matumba, nkhalamba zili pamoto, mphepo ikuliza malata usiku wonse. Mphepo yomweyo ikatsika mapiri n'kufika kunyanja amaitcha mwera, ndipo kumeneko kuli anthu ena amene amaidikira chaka chonse kuti apikisane nayo.

Ulendo wake si wautali monga ambiri amaganizira. Munthu wa ku Tsangano akatulukira mu msewu wa M1 ku Ntcheu, amadutsa pa Lizulu, kukhota pa Masasa, ndi kutsetsereka Khwekhwerere mpaka ku Golomoti. Wa ku Macanga amadzera ku Ulongue ndi ku Dedza. Pa Khwekhwerere makutu amatsekeka, jekete imayamba kulemera, ndipo pofika pansi malambe ayamba kale kuoneka. Kutsogolo kwake ndi nyanja ija a ku Malawi amati Nyanja ya Malawi, a ku Mozambique amati Niassa. Madzi ndi amodzi omwewo.

Ku gombe la Mangochi ndiko kunayambira, mu 1984, mpikisano wa ngalawa za mathanga wotchedwa Lake Malawi Yachting Marathon. Kwa zaka zambiri unkachitika mwezi wa Julaye, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 500, kuchokera ku Club Makokola kulowera kumpoto, kugona pa magombe monga Cape Maclear, Senga Bay ndi Nkhotakota. Injini ayi, nkhafi ayi. Ngalawa zake zambiri ndi zija za mimba ziwiri zomangidwa pamodzi ngati ng'ombe pa goli, pakati pali chinsalu chokhalapo anthu awiri, mlongoti wautali ndi thanga.

Wosazolowera amayesa kuti ntchito yonse ikugwiridwa ndi mphepo. Si choncho. Mmodzi amagwira tsigiro ndi chingwe cha thanga lalikulu. Mnzake amadzikoleka pa waya, mapazi m'mphepete mwa ngalawa, thupi lonse lili lende pamwamba pa madzi, kuti kulemera kwake kuletse ngalawa kugubuduka. Mphepo ikamachokera kumene akupita sangalunjike. Amayenda mokhotakhota, uku ndi uku, monga momwe ngolo yodzaza imakwerera chitunda. Akachedwa kumasula chingwe pamene mphepo yawomba mwadzidzidzi, onse awiri ali m'madzi, ndipo ayenera kudzutsa ngalawa okha anzawo akupita.

Nyanjayi si damu la pamudzi. Malo ena ndi yakuya pafupifupi mamita 700, ndipo mwera ukakwiya mafunde amatalika kuposa munthu. Munali mu Julaye momwemu, chaka cha 1946, pamene sitima ya Vipya inamira kumpoto kwa nyanjayi ndi kupha anthu 145. Asodzi a mabwato amadziwa zimenezi bwino kuposa alendo, n'chifukwa chake mwera ukafika amakokera mabwato kumtunda ndi kumasoka maukonde, uku akuyang'ana mathanga ofiira ndi achikasu akudutsa patali.

Pamenepo ndi pamene pali nkhani. Ambiri opikisana pa nyanjayi ankakhala anthu a ndalama zawo, ena ochokera ku South Africa ndi ku Zimbabwe, pamene mwana wobadwira pa gombe lomwelo ankangothandiza kukankha ngalawa pa mchenga. Masewera otere, kunena zoona, amasankha thumba asanasankhe luso.

Komabe dziko la Mozambique laonetsa kuti khomo limeneli limatseguka. Ku Maputo kuli makalabu akale monga Clube Naval, imene inayamba mu 1913, ndi Clube Marítimo, ndiponso bungwe loyendetsa masewerawa m'dziko lonse, Federação Moçambicana de Vela e Canoagem. Pa masewera a Olympic a ku Tokyo mu 2021, atsikana atatu ananyamula dzina la dziko pa madzi: Deisy Nhaquile pa ngalawa ya munthu mmodzi, ndipo Denise Parruque ndi Maria Machava pa ya anthu awiri yotchedwa 470. Mendulo sanabwere nayo, koma kufika kokhako kumeneko ambiri sanakulote.

Vuto ndi mtunda. Kuchokera ku Tete kukafika ku Maputo ndi makilomita oposa 1,500, ndipo mpikisano umene umatchedwa wa dziko lonse sungakhale wa dziko lonse ngati ana a m'chigawo chino amangoumvera pa wailesi. Chikhalirecho madzi alipo. Damu la Cahora Bassa, limene linatsekedwa mu 1974 pafupi ndi Songo, linapanga nyanja yotalika makilomita oposa 200, ndipo mphepo imawombanso kumeneko. Akulu a zamasewera m'chigawo akanayambira pomwepo.

Ana amaphunzirira pa kangalawa kotchedwa Optimist, kotalika mamita 2.3 okha, ka mwana mmodzi wosapitirira zaka 15. Anakakonza ndi Clark Mills wa ku America mu 1947, ndipo anachita dala kuti kakhale kosavuta kukhoma ndi matabwa a plywood, guluu ndi misomali. Mmisiri wa ku Furancungo amene amakhoma ngolo yonyamula matumba a mbatatesi, atapatsidwa miyeso yake, sangaone chachilendo kupatula thanga lokha.