Nkhuni zinali kuthera pa mfundo za mapaipi

Caka cimene ndinali mu Giredi 7, atate anamanga balani ya fodya wa Virginia kuseri kwa nyumba yathu, kufupi ndi Mkaika. Nchito yanga inali yosonkheza moto usiku. Moto wa balani sukhudza masamba ai. Umayaka kunja m'ng'anjo, kutentha kwake kumayenda m'mapaipi a malata oyalidwa pansi m'kati, utsi n'kutulukira ku cumuni. Fodya amafuna pafupifupi sabata yathunthu: poyamba kutentha pang'ono kuti masamba acite cikasu, pomaliza mpaka madigiri 70 kuti mitsempha yake iume.

Balani yathu inakana kutentha. Ngolo ziwiri za mombo zinatha, cipimo osakwera. Atate anayamba ndi kunena nkhuni kuti n'zaziwisi, kenako anati ine ndimagona. Ndinagonadi usiku umodzi, koma mlandu sunali pamenepo.

Amalume atabwera kucokera ku Vubwi, anadikira kuti moto uzime, nalowa cokwawa. Anayendetsa cala pa mfundo iliyonse pamene paipi ilumikizana ndi inzake, cala n'kutuluka cakuda bii ndi mwaye.

"Alamu, nkhuni zanu zikuthera apa. Mwanayu musiyeni."

Mfundo zitatu zinali zolekana, ina itadyeka ndi dzimbiri. Cumuni imakoka mpweya, ndiye ikapeza mpata panjira imakokera pomwepo m'malo mokoka moto wa ku ng'anjo. Moto umafooka, iwe n'kumangoponyabe nkhuni. Mphepo ikabwerera, utsi umatulukira pa mpata womwewo n'kudetsa masamba, ndipo ogula sacedwa kutsitsa giredi. Tinamanga mfundozo ndi waya, tinamata ndi dothi la pa culu, pamodzi ndi ming'alu ya cipupa. Ulendo wotsatira nkhuni zinatsalako. Atate sanapepese, koma anandigulira nsapato.

Lero ndimagwira nchito mu ofesi ina ku Lusaka, mmene mphepo yozizira imabwera m'mapaipi obisika pamwamba pa siling'i. Mu 2024, madzi atacepa ku Kariba, tinkadalira jenereta, ndipo dizilo inali kutha msanga pamene cipinda cathu ca kumapeto cinali cotenthabe. Abwana anati tigule makina aakulu. Ine ndinakwera pa tebulo, anzanga akuseka, ndinagwira siling'i ya m'khonde mmene simukhala munthu. Inali yozizira ngati botolo lotuluka m'firiji.